Mayi Angoti "Mmene Mwaoneramo"

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka zopitirira makumi asanu, ndipo ntchito yanga ndi yoyendetsa kireni, chimakina chachitali chija mumachiona chitaima pamalo omanga nyumba zosanja, chili ndi mkono umodzi wautali. Mukadzakweza maso n'kuona kachipinda kagalasi pamwamba pake penipeni, dziwani kuti muli munthu mmenemo, ndipo kuno kwathu munthuyo ndine. Ndalemba chifukwa mutu waima. Ndapeza mwayi wa ntchito kunja kwa dziko, mtima wina ukuti pita, wina ukuti khala, ndipo nthawi yoti ndiyankhe yatsala pang'ono.

Ndiyambe ndakuuzani za kumwambako, chifukwa mukapanda kumva zimenezi simumvetsa chimene chikundivuta. M'mawa ndimakwera makwerero achitsulo, kachikwama ka chakudya kali kumsana, ndipo sinditsikanso mpaka poweruka. Maondo masiku ano ayamba kudandaula, koma ndikangofika n'kukhala pampando zonse zimaiwalika. Ntchitoyi ndinaiyamba tsitsi lili bii, komabe mpaka lero pamakhala m'mawa wina umene ndimangogwira pakamwa. Nkhungu imakuta tauni yonse, ine n'kukhala pamwamba pake, dzuwa likundiwomba ndekha pamene anthu pansi akuyenda atayatsa nyali za galimoto. Akhwangwala amauluka kunsi kwa mapazi anga, moti ndimawaona misana. Mvula ndimaiona ikubwera kutali ngati khoma, n'kuwauza anzanga apansi kuti afunditse simenti. Iwo amandiseka poti kwa iwo kuli ng'aa, koma pakapita kanthawi mudzawaone akuthamanga ndi mapepala apulasitiki uku akunditchula mfiti.

Chodabwitsa kwambiri n'chakuti ukakhala kumwamba tauni ino imaoneka yolongosoka. Misewu imaoneka yowongoka, maenje saoneka, phokoso silifika. Umangoona tianthu ting'onoting'ono, aliyense akupita kwinakwake atanyamula kanthu, ana asukulu akuwoloka msewu atagwirana manja, mayi wina akuyanika zovala kuseri kwa nyumba. Umadzifunsa kuti kodi zonsezi zimayenda bwanji tsiku ndi tsiku, anthu onsewa n'kudya, n'kugona, n'kudzukanso. Nthawi zina ndimapezeka ndikupemphera osadziwa kuti ndayamba liti.

Koma madzulo munthu amatsika, ndipo pansi pano zinthu sizili bwino. Chimene tikumanga ndi chipatala chachikulu chimene anthu analonjezedwa kalekale. Ntchito imayenda mwezi umodzi n'kuima miyezi. Malipiro amabwera mwa apo ndi apo, ndipo mphekesera zili ponseponse zoti kireni aiphwasula n'kuigulitsa. Akalowa atsogoleri atsopano amabwera ndi mdipiti wa galimoto kudzaikanso mwala wa maziko, moti miyala ya maziko pamalo pano ilipo yokwanira kumangira chimbudzi. Tsiku limene anabwera omalizawa, simenti inali itatha kalekale. Abwana anandiuza kuti, "Kwerani mdala, muzingozungulitsa mkonowo kuti ojambula aone kuti ntchito ili mkati." Ndinazungulitsa mbedza yopanda kanthu m'mawa wonse, anthu pansi akuomba m'manja. Chiyambire ntchito sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo. Ndipo amene ankaloza m'mwamba akumwetulira aja ndi omwe ndinawaimira padzuwa pamzere wovota.

Chimene chandifoola nkhongono kwenikweni ndi penshoni. Kampani imene ndinaigwirira zaka zambiri ndisanabwere kuno inkandidula mwezi ndi mwezi, zikulembedwa bwinobwino pa kapepala ka malipiro. Itatsekedwa ndinapita kukafunsa kumene amasunga ndalama za penshoni. Mayi wa pa kompyuta anayang'ana, kuyang'ananso, kenako n'kukaitana mkulu wake. Anandiuza mwaulemu kuti dzina langa lilipo, koma ndalama zinasiya kufika kalekale. Ankadula osapereka, ndipo eni kampaniyo palibe akudziwa kumene analowera. Ndinatuluka n'kukhala pakhonde la ofesiyo. Ine amene sindiopa kumwamba, tsiku limenelo ndinachita chizungulire nditakhala pansi.

Ndiye pali mnzanga amene tinaphunzira limodzi ntchitoyi, timamutcha Bawuti chifukwa akagwira nkhani salekeza mpaka itathina. Anapita kunja zaka zingapo zapitazo. Tsiku lina anandiimbira foni yoonana nkhope ali m'kachipinda kake ka kireni. Aphungu, ndinaona zimene sindinaziganizirepo. Kulikonse kumene watembenuzira foni kunali makireni okhaokha ngati nkhalango, ena ataima m'madzi, ndi nyumba zagalasi zolowa m'mitambo. Kireni yake ili ndi chikepe, sakwera ndi miyendo. Anati, "Achimwene, kuno mbedza siyenda yopanda kanthu. Akufuna anthu odziwa ntchito ngati inu. Dzina lanu ndapereka kale, musandichititse manyazi." Ntchitoyo ndi ya zaka zingapo, munthu amapita yekha chifukwa banja salola, ndipo tchuthi ndi kamodzi pachaka.

Kunyumba tilipo awiri, ine ndi akazi anga, poti ana anakula ndipo ali paokha. Mayiwa ndi telala, amasoka ndi anzawo m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya zitsulo. Ndi munthu wolankhula. Ndikati wolankhula, ndikutanthauza kuti ndikagula nsapato amandifotokozera mmene ndalakwitsira mtundu, mtengo ndi sitolo yomwe. Chikwatirane sindinasunthepo ngakhale mpando iwo osaikapo mawu. Ndimawaseka kuti ntchito yawo yeniyeni ndi ya Maso, kusokaku n'kongotayira nthawi.

Maso ndi mnzanga wapansi amene amandilondolera pa kawailesi ka m'manja. Nthawi zambiri katundu amatsikira kuseri kwa khoma kumene ine sindikuona, ndiye ndimayendera mawu ake. Lamulo lathu ndi lakuti asaleke kulankhula. Amangoti, "Tsitsa, tsitsa, pang'ono, pang'ono, tsitsa," mpaka katundu atakhala. Akangokhala chete, ngakhale kanthawi kochepa bwanji, ndimaimitsa pompo, chifukwa sindidziwa ngati batire yatha, kapena iyeyo wagwa, kapena pansi pa katunduyo pali mutu wa munthu. Anthu amadabwa kuona chitsulo cholemera kuposa basi chikukhala pamalo pake ndendende, chotsitsidwa ndi munthu amene sakuchiona. Kunena zoona, inenso ndimadabwa nazo mpaka lero.

Choncho pa nkhani ya ulendoyi ndinkayembekezera nkhondo, ndipo ndinakonzekeratu mayankho onse. Ndinawaonetsa zithunzi za Bawuti, ndinawakumbutsa za penshoni, ndinati tikapanda kutero tidzakalamba tikupemphetsa kwa ana. Anamvetsera mpaka kumapeto manja ali pamiyendo. Kenako anati, "Mmene mwaoneramo, bambo." Basi. Ndinafunsa ngati amva zoti ndikakhalako zaka, iwo anati, "Ndamva. Mmene mwaoneramo." Ndinadabwa kwambiri, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti anandipatsa mkazi womvetsa zinthu. Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba muli bata limene sindinalionepo. Sanditsutsa pa chilichonse. Ayamba kale kundisokera malaya a manja aatali, ndipo dzulo anandiyesa m'mapewa ndi tepi osanena kanthu.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chandizunguza. Sabata yatha ndinadzera kuntchito kwa mayiwa, n'kupeza atatuluka kukagula ulusi. Mnzawo wina, mayi wanthabwala, anati, "Alamu, mukamapita mutiuze, ine ndikufuna malo a pawindowa. Akazi anu anatikaniza chilowereni muno." Ndinafunsa kuti pawindopo pali chiyani, poti ndi pamene dzuwa limawomba kwambiri masana. Anati, "Takhalani pampandopo muone nokha." Ndinakhala. Pakati pa nyumba ziwiri, chapatali ndithu, panali kireni yanga, kachipinda kanga kakung'anima. Mayiyo anati, "Mkono uja ukamayenda, makina awo amayenda. Ukaima nthawi yaitali, ulusi umayamba kuduka, ndiye musawalankhule." Zaka zonsezi ndimayesa ndine ndimaona tauni yonse popanda wondiona. Akazi angawo sindinawafunse, ndipo iwo sakudziwa kuti ndinakhala pampando wawo.

Funso langa ndi ili. Za kunyumba zatheka, poti mayi avomera. Chimene chikundivuta ndi dziko. Chipatala ichi ndinachiyamba chili dzenje, ndipo ndinkafuna kudzachiona odwala akulowamo. Kodi ndikapita ndiye kuti ndathawa? Nanga pa msinkhu wangawu, n'chanzeru kukayamba moyo wina kwa eni? Ndithandizeni ndisanasaine.

L.K., wa pamwamba pa tauni ino

Bambo L.K.,

Ine ndikakwera pampando kuti ndisinthe babu, ndimaitana munthu adzandigwirire mpandowo, ndipo ndimatsika ndikunjenjemera. Choncho kalata yanu ndaiwerenga nditagwira tebulo. Misana ya akhwangwala! Zaka zonse ndakhala ndikudutsa pansi pa zimakina zimenezi, sindinaganizepo kuti muli munthu amene dzuwa limamutulukira yekha ena tonse tili m'nkhungu. Zikomo pondikweza kumeneko. Koma tsopano tsikani tikambirane pansi pano, chifukwa funso limene mwandifunsa si limene likuyenera kukusowetsani tulo.

Mwati za kunyumba zatheka. Sizinatheke, bambo, ndipo sizinayambe n'komwe. Inu nomwe mwandiphunzitsa kuti Maso akakhala chete mumaimitsa pompo, chifukwa simudziwa chimene chachitika kuseri kwa khoma. Nanga mayi amene amaikapo mawu pa nsapato, mwawauza kuti mukuchoka zaka, iwo n'kungoti "mmene mwaoneramo," inu n'kuthokoza Mulungu? Wailesi yazima, inu mukupitirizabe kutsitsa.

Mawu amenewa ndimawadziwa bwino, amayi timawanena. Pali nthawi imene amatanthauza kuti chitani, palibe vuto. Koma nthawi zambiri amatanthauza kuti mwabwera mutamaliza kale kuganiza, ndiye ine ndinenenso chiyani? Mwalemba nokha kuti munakonzekeratu mayankho onse. Munthu akabwera ndi mayankho mafunso asanafunsidwe, mnzakeyo amangomeza mafunso ake. Munawauzanso kuti mukapanda kupita mudzakalamba mukupemphetsa kwa ana. Ndani angatsutse zimenezo osaoneka ngati wokonda umphawi? Simunachite dala, ndikudziwa, koma simunawasiyire polowera.

Sindikunena kuti sakufuna kuti mupite. Mwina akufuna, poti penshoni yotayikayo inali yawonso, ndipo ukalamba akuuona ukubwera ngati inu nomwe. Mwina ali ndi mantha amene akuchita nawo manyazi. Mwina akwiya. Ine sindikudziwa, inunso simukudziwa, ndipo vuto ndi limenelo. Chimene tonse tikudziwa ndi windo lija. Nditafika pamenepo ndinaika kaye kalata yanu pansi. Mayi kupirira dzuwa zaka zonsezo, diso limodzi pa singano lina kumwamba, osakuuzani ngakhale tsiku limodzi, kuopa kuti mungamakwere makwerero mutasenza nkhawa zawo! Patebulo lino pafika makalata ambiri onena za chikondi, ena onunkhira perefyumu, koma chotere sindinachimvepo. Ganizirani kuti kumene mukufuna kupitako, mkono wanu ukaima, iwo adzakhala alibe poonera.

Ndiye chitani izi. Muuzeni Bawuti adikire. Ngati kampaniyo singadikire kuti munthu alankhule ndi mkazi wake, mwadziwiratu mmene idzakusungireni. Kenako sankhani tsiku limene nonse simukupita kuntchito, foni ya zithunzi ija muisiye kuchipinda. Auzeni mayiwo kuti munakhala pampando wawo ndipo munaona chimene amaona. Auzeni kuti simunasaine, ndipo simusaina mpaka mutamva zimene zili mumtima mwawo, koma zimenezo zikhale zoona, osati nyambo. Mukatero tsekani pakamwa. Akanenanso kuti "mmene mwaoneramo," inu muyankhe kuti, "Mayi, ine sindikuona, n'chifukwa chake ndafunsa." Mwina sizituluka tsiku lomwelo. Zikadzatuluka zidzabwera ndi zina za chaka chatha zimene munaiwala, ndipo mudzapirire osadula mawu.

Mukagwirizana zoti mupite, pitani mutatsegula maso. Zithunzi za pafoni si mgwirizano wa ntchito. Pepala la mgwirizano libwere muli konkuno, muliwerenge awiri, kenako mupite nalo kwa munthu wodziwa malamulo a ntchito. Muone kuti ulendo wobwerera adzalipira ndani, mukadwala kapena kuvulala adzakusamalirani bwanji, ndiponso chidzachitike n'chiyani adokotala a kumeneko akadzati maso kapena maondo anu sakukwanira. Pa msinkhu wanu funso lomalizali ndi lalikulu, musalichitire manyazi. Funsaninso ngati chiphaso chanu choyendetsera kireni amachivomereza kumeneko. Aliyense wofuna ndalama kuti akukonzereni malo ndi wakuba, ngakhale atabwera m'dzina la mnzanu, ndipo pasipoti isachoke m'manja mwanu. Bawuti nayenso mumupanikize. Foni anaitembenuzira kunja kokhakokha. Muuzeni akuonetseni chipinda chimene amagona, akuuzeni amagonamo angati, ndiponso amacheza ndi ndani tsiku lopuma.

Za penshoni musazitaye. Timapepala ta malipiro tija ndi umboni, musatiyatsire moto. Funafunani anzanu amene munali nawo pa kampani ija, mupite limodzi ku ofesi yoona za apantchito ndi kwa oyang'anira za penshoni, mukalembetse dandaulo, inu musunge kope. Sindikulonjezani kuti zibwera zonse, mwinanso sizibwera n'komwe, koma munthu mmodzi amangomuuza kuti abwere mawa pamene gulu amalimvera. Ngati mudzapite kunja, musiye munthu wokuimirani mwalamulo pa nkhaniyi. Ndipo kulikonse kumene mugwire ntchito kuyambira lero, muzipita nokha kukafunsa ngati zimene akudulazo zikufikadi.

Tsopano funso lanu lija. Ayi, simukuthawa. Othawa ndi amene anakudulani penshoni n'kulowa nayo kutchire. Munthu amene wakwera makwerero aja kuyambira ali mnyamata, dziko silingamuloze chala. Mkwiyo wanu ndikuumvetsa, inenso pamzere uja ndinaimapo. Koma musanyamuke chifukwa cha mkwiyo, poti umazirala msanga, inu n'kutsala m'chipinda chachilendo nokhanokha. Kupita si tchimo, kukhalanso si kupusa. Chipatalacho kutha kapena kusatha kwake sikuli m'manja mwanu, ndipo chikadzatha mudzachiona, kaya muli m'kachipinda kanu kaya mwabwera patchuthi.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo mulimve bwino. Mukasaina musanawamve mayiwo, palibe chimene chidzaphulike. Adzakusitirani zovala, adzakulongedzerani chikwama mwaluso, adzakuperekezani akumwetulira, ndipo mukaimba foni adzayankha nthawi zonse kuti kuno kuli bwino. Adzaphunzira kukhala okha, chifukwa amayi otere amaphunzira chilichonse. Tsiku lobwerera mudzapeza m'nyumba mosesedwa, ndalama zanu zitasungidwa bwino, ndi mayi waulemu amene adzakulandireni chikwama ndi manja awiri ngati mlendo. Ndalama za ukalamba mudzakhala nazo, bambo, koma mudzazidya ndi munthu amene anasiya kukuuzani zakukhosi. Mukaweruka lero pitani kunyumba mukapangane tsiku lokambiranalo, ndipo likafika muwapute mpaka akukalipireni.

Aphungu